Mtsutso: Kodi Njuchi Ziwetedwe Pakhomo M'midzi ya Machinga ndi Balaka?

Mutu wa mtsutso

Mutu umene ukuunikidwa pano ndi wakuti mabanja a m'maboma a Machinga ndi Balaka alimbikitsidwe kuweta njuchi pakhomo, kutanthauza kuika ming'oma pa malo a banja kufupi ndi nyumba zogonamo anthu, kuti apezepo ndalama, ateteze mitengo ndiponso asamale tizilombo tonyamula mungu. Mungu ndi fumbi la m'duwa, kawirikawiri lachikasu, limene liyenera kuchoka pa mbali yaimuna ya duwa ndi kufika pa mbali yaikazi kuti chomera chibale chipatso kapena njere. Chimanga ndi mpunga sizidalira tizilombo pa ntchito imeneyi, koma maungu, nkhaka, mpendadzuwa, mango ndi mbewu zina zambiri zimabala mokwanira pokhapokha maluwa ake akuyenderedwa ndi zouluka. Lipoti la mu 2016 la IPBES, bungwe la akatswiri a zachilengedwe ochokera m'maiko ambiri, linanena kuti pafupifupi mitundu 75 mwa mitundu 100 iliyonse ya mbewu zikuluzikulu za chakudya imathandizidwa ndi zamoyo zonyamula mungu.

Pali mfundo imodzi yoyenera kumveka mtsutso usanayambe, chifukwa ikukhudza mbali zonse ziwiri. Ku America njuchi ya uchi inachita kubwera ndi anthu ochokera ku Ulaya, ndipo woweta amagula gulu la njuchi monga momwe munthu amagulira anapiye. Ku Malawi njuchi ya uchi ya m'zigwa, imene asayansi amaitcha Apis mellifera scutellata, ndi yakuno ndipo ndi yakutchire: mlimi amapaka phula mu mng'oma wopanda kanthu, amaupachika, ndipo amadikira kuti gulu la njuchi lodutsa liukonde ndi kulowamo. Choncho mng'oma sulenga njuchi, umangozipatsa pogona, ndipo zikapanda kukhutira ndi malowo zimachoka osatsazika.

Maboma awiriwa anali limodzi kufikira 1998, pamene Balaka anapatulidwa ku Machinga. Kalembera wa mu 2018 anapeza anthu opitirira 735,000 ku Machinga ndi opitirira 438,000 ku Balaka, ambiri a iwo alimi a minda yaing'ono. Machinga ali ndi mapiri a Chikala ndi Malosa, nkhalango yotetezedwa ya Liwonde Forest Reserve ndi madambo a nyanja za Chilwa ndi Chiuta, pamene Balaka ndi chigwa chotentha, chochepa mvula, chodziwika ndi thonje ndi milambe. Kusiyana kumeneku kudzaonekanso pa chigamulo.

Mfundo za ovomereza

1. Uchi sufuna munda. Banja limene dothi lake latopa, kapena limene munda wake sufika ndi hekitala imodzi yomwe, likhoza kuweta njuchi popanda kugula feteleza kapena mbewu ndiponso popanda kulanda chimanga malo, pakuti njuchi zimakatenga chakudya m'maluwa a pamtunda wa makilomita awiri kapena atatu kuchokera pa mng'oma. Ovomereza amakumbutsa zaka zovuta, namondwe Freddy wa mu Malichi 2023 ndi chilala cha mu 2024 chimene chinachititsa boma kulengeza za ngozi m'maboma 23 mwa 28, ndipo amati banja lodalira mvula yokha lili pa chiopsezo chaka ndi chaka, pamene mitengo yozika mizu patali imachitabe maluwa ngakhale chimanga chitafota. Uchi wokhwima suwola msanga monga matimati, kotero mwini wake akhoza kuusunga mpaka mtengo utakwera kapena fizi ya sukulu itafunika. Phula nalo, limene ambiri amalitaya akafinya uchi, limapangidwa makandulo, mafuta odzola ndi polishi.

2. Mtengo umene uli ndi njuchi suuona nkhwangwa. Iyi ndiyo mfundo yolemera kwambiri ya mbali imeneyi, ndipo aliyense woyenda pa msewu wa Zomba kupita ku Liwonde, kumene matumba a makala amaimikidwa m'mphepete mwa msewu, akudziwa chifukwa chake. Makala amapereka ndalama kamodzi pa mtengo umodzi, pamene maluwa a mtengo womwewo amapereka uchi chaka chilichonse, ndipo munthu amene ali ndi ming'oma amasanduka mlonda wa mitengo yoyandikana nayo ndi mdani wa moto wolusa, popeza utsi ndi moto zimathamangitsa njuchi zake. Lamulo la za nkhalango la mu 1997 linatsegula njira yakuti midzi ikhale ndi nkhalango zake zoyang'aniridwa ndi makomiti a zachilengedwe, koma komiti imene ilibe phindu looneka lopereka kwa anthu imafooka msanga, ndipo uchi ndi limodzi mwa mapindu ochepa amene nkhalango ingapereke ikadali chiimire.

Ovomereza amaonjeza kuti ulimi wamakono umakonza zolakwika ziwiri za kale. Mng'oma wa khungwa unkafuna kusenda mtengo wa mombo kuzungulira thunthu lonse, ndipo mtengo wosendedwa motero umauma. Wofula uchi kutchire nayenso nthawi zambiri ankadula mtengo kapena kutentha njuchi ndi muuni wa udzu, gulu lonse n'kufa. Mng'oma wamatabwa wokhala ndi timitengo topingasa pamwamba, pamene njuchi zimamangirirapo malesa ake, umalola mlimi kutulutsa lesa limodzilimodzi, kutenga a uchi wokhwima okha ndi kusiya a ana. Popeza umapachikidwa ndi mawaya pamsinkhu wa m'chiuno, mlimi safunika kukwera mumtengo, zimene zatsegulira amayi ndi achikulire ntchito imene kale inali ya abambo okha.

3. Munda wapafupi ndi ming'oma umapindula. Nandolo, amene ndi mbewu yaikulu yogulitsa m'maboma onse awiri, komanso mpendadzuwa, chitowe, maungu ndi mango, zimabala bwino pamene maluwa ake akuyenderedwa kawirikawiri, ndipo phindu limeneli limafikira ndi anansi omwe amene alibe mng'oma.

4. Chapakhomo chimaonedwa. Ming'oma ya kutali imabedwa uchi usiku, imagwetsedwa ndi chiuli, imalowedwa ndi linthumbu ndi chiswe, ndipo mwini wake amadzazindikira patapita masabata. Wapakhomo amauona tsiku ndi tsiku, amaupatsa madzi m'chilimwe, amapaka girisi pa mawaya kuti nyerere zisakwere, ndipo ana amakula akudziwa njuchi m'malo moziopa chabe.

5. Kwa midzi yoyandikana ndi Liwonde National Park pali chifukwa china. Kafukufuku wa Lucy King ku Kenya, pansi pa bungwe la Save the Elephants, anaonetsa kuti njovu zimapewa njuchi ndipo mzere wa ming'oma yolumikizidwa ndi waya umachepetsa kulowa kwa njovu m'minda. Bungwe la African Parks, limene linayamba kuyendetsa pakiyi mu 2015 ndi kuimangira mpanda wamagetsi, limalimbikitsanso ulimi wa njuchi m'midzi yozungulira kuti anthu apeze phindu la tchire popanda kutchera misampha.

Mfundo za otsutsa

1. Njuchi yakuno ndi yaukali, ndipo midzi ya maboma awiriwa ndi yothinana. Mtundu womwewu utatengeredwa ku Brazil mu 1956 ndi wasayansi Warwick Kerr, n'kuthawira kutchire chaka chotsatira, unafalikira maiko ambiri a ku America ndi kutchuka ndi ukali wake. Gulu limodzi limakhala ndi njuchi masauzande ambiri, ndipo likaputidwa ndi phokoso, fungo, mwala wa mwana kapena kufula kosasamala, limatuluka mwaunyinji ndi kuthamangitsa chilichonse choyenda pamtunda wautali. Munthu wamkulu athawa, koma mbuzi yomangidwa pa chingwe, nkhuku za m'khola, khanda logona pa mkeka ndi gogo amene sangathamange alibe pothawira. Pali anthu enanso amene thupi lawo silipirira ululu wa njuchi, amene mbola imodzi yokha imawatupitsa pakhosi ndi kuwabanikitsa, ndipo wotere akakhala ku Nayuchi, ku Chikweo kapena ku Utale, ulendo wa ku chipatala chachikulu cha ku Liwonde kapena cha pa Balaka ndi wautali. Mabuku ambiri a ulimi wa njuchi mu Africa amalangiza mtunda wosachepera mamita 100 pakati pa ming'oma ndi nyumba, njira, sukulu kapena khola, ndipo ndi mabanja ochepa amene malo awo apakhomo angakwanitse muyezo umenewu popanda kulowerera pa khomo la mnansi. Phindu la uchi ndi la banja limodzi, koma mbola ndi ya mudzi wonse, ndipo milandu yotere imathera pabwalo la a mfumu. M'chilimwe vutoli limakula chifukwa njuchi zimafuna madzi oziziritsira mng'oma, ndipo pamene palibe mtsinje zimadzaza pa mjigo ndi pa zidebe za amayi.

2. Mng'oma si chakudya. Njuchi zimafuna maluwa pafupifupi chaka chonse, ndipo m'midzi yambiri ya Balaka, kumene minda imayeretsedwa ndi kutenthedwa pokonzekera dzinja ndipo mitengo yotsala ndi milambe ndi mango owerengeka, pali miyezi imene njuchi sizipeza kanthu. Njuchi yakuno ikasowa chakudya sidikira kufa, imasamuka gulu lonse. N'chifukwa chake si chachilendo kuona ming'oma yoperekedwa ndi mapulojekiti ili pululu, muli mavu ndi abuluzi, chiwerengero chake chitalembedwa kale m'malipoti monga chipambano. Tsanya, umene ndi mtengo wochuluka m'chigwa cha Shire, suthandiza kwambiri pa uchi chifukwa mungu wake umayenda ndi mphepo ndipo maluwa ake alibe timadzi tokwanira.

3. Pakhomo ndi pamene pali mankhwala. Thonje limapoperedwa kangapo pa nyengo imodzi, nthawi zina lili ndi maluwa; mbewu ya thonje yodziteteza ku mbozi imene inaloledwa mu 2019 inachepetsa kupopera kolimbana ndi mbozi, koma nsabwe ndi tizilombo tina toyamwa timafunabe mankhwala. Kuyambira nyengo ya 2016 mpaka 2017, pamene mbozi zachilendo zowononga chimanga zinafika m'dziko muno, kupopera kunalowanso m'minda ya chimanga, kumene njuchi zimakatola mungu pa ngayaye, ndipo m'madimba a matimati ndi masamba mankhwala sasowa. Mankhwala monga cypermethrin amapha njuchi, ndipo woweta alibe mphamvu pa zimene mnansi akupopera kapena ola limene akupopera. Kuitanira njuchi pakati pa minda yotere kuli ngati kuziitanira ku imfa, ndiponso uchi wake ukhoza kukhala ndi zotsalira za mankhwala.

4. Njuchi ya uchi si yokhayo imene imanyamula mungu, ndipo apa ndi pamene mutu wa mtsutsowu umalonjeza zimene sungakwanitse. Padziko lonse pali mitundu ya njuchi pafupifupi 20,000, ndipo yambiri mwa iyo simanga magulu, sipanga uchi wofula, ndipo siingalowe mu mng'oma: yaikazi imodzi imakumba kauna m'dothi louma kapena kuboola phesi, imaikamo mungu ndi dzira, n'kutseka. Bemberezi, amene amaboola mitengo youma ndi mitanda ya denga ndipo amaphedwa chifukwa cha zimenezi, ali ndi luso limene njuchi ya uchi ilibe, lonjenjemeretsa duwa ndi minofu ya pachifuwa kuti mungu utuluke, ndipo maluwa a matimati ndi mabilinganya amatulutsa mungu mwa njira imeneyi. Bemberezi yemweyo, pamodzi ndi njuchi zina zimene zimadula masamba pomanga zisa, ndi amene ali ndi mphamvu yotsegula duwa la nandolo ndi khobwe mosavuta. Pali njuchi zopanda mbola, mpasi zimene zimamanga pansi pa nthaka ndi nsikisa zimene zimakhala m'mphako, zimene uchi wake anthu amaulemekeza monga mankhwala koma amaupeza pokumba kapena kung'amba mtengo, gulu n'kutheratu. Mlambe umatsegula maluwa ake madzulo ndipo umadalira mileme ndi agulugufe ausiku, pamene mango amayenderedwa kwambiri ndi ntchentche.

Zonsezi sizipindula kanthu ndi mng'oma. Zimafuna chitsa chosazulidwa, nthambi youma yosatoledwa nkhuni, kachigawo ka dothi kosalimidwa, thengo la m'mphepete mwa munda losatenthedwa, ndi maluwa a zitsamba zimene alimi amazitcha udzu. Otsutsa amapitirira kunena kuti pamene maluwa ndi ochepa, kuunjika ming'oma yambiri pamalo amodzi kumapanikiza tizilombo timeneti, chifukwa gulu limodzi la njuchi limatola timadzi ndi mungu zimene zikanadyetsa njuchi zokhala pazokha zambirimbiri, ndipo kafukufuku wa m'maiko ena waonetsa mpikisano wotere pamene ming'oma yachuluka. Choopsa china n'chakuti mudzi umene wapachika ming'oma ukhoza kudziona ngati wamaliza udindo wake pa chilengedwe, moto ndi nkhwangwa zikupitirirabe.

5. Mtengo woyambira ndi waukulu ndipo phindu limachedwa. Mng'oma wamatabwa, chovala chodzitetezera, chofukizira utsi ndi zidebe zaukhondo zimafuna ndalama zimene banja losauka lilibe, njuchi zikhoza kutenga miyezi zisanalowe, ndipo uchi wofulidwa usanakhwime, umene madzi ake apitirira magawo 20 pa 100, umasasa ndi kukanidwa ndi ogula. Wofuna kugulitsa m'masitolo akuluakulu ayenera kukhala ndi chiphaso cha Malawi Bureau of Standards, chimene munthu mmodzi wa ming'oma iwiri sangachikwanitse. Wootcha makala amalandira ndalama sabata yomweyo, ndipo pa banja la njala mwambi wakuti fodya ndi uyu ali pamphuno umamveka kuposa malonjezo a uchi wa chaka chamawa.

Kuyeza mbali ziwirizi

Mfundo khumizi zikaikidwa pamodzi zikuonetsa kuti mutu wa mtsutsowu wamanga zinthu zitatu m'mtolo umodzi, ndipo chilichonse chili ndi yankho lakelake.

Pa funso lakuti ulimi wa njuchi ulimbikitsidwe, ovomereza apambana. Mfundo yachisanu ya otsutsa ikunena za kuvuta kwa chiyambi, ndipo kuvuta kumeneku kumachepa alimi akagwirizana m'magulu ogawana zovala ndi zipangizo ndi kugulitsa uchi pamodzi. Palibe mfundo ya otsutsa imene yagwetsa zimene zanenedwa za mitengo, ndipo m'boma limene nkhalango yake ikutsikira ku msewu m'matumba, ntchito iliyonse imene imapatsa munthu chifukwa chosiyira mtengo chiimire ndi yoyenera kuigwiritsa.

Pa funso la malo, lakuti ming'oma ikhale pakhomo, otsutsa apambana, ndipo apambana pa chifukwa cha chilungamo. Si bwino kuti banja limodzi lisankhe chiopsezo chimene ana a anansi adzasenza osafunsidwa. Nkhawa ya ovomereza ya akuba ndi chiuli ndi yoona, koma yankho lake ndi malo a njuchi a gulu, otchingidwa ndi mpanda wa mitengo yamoyo, okhala m'nkhalango ya m'mudzi, m'tsinde mwa phiri kapena m'mbali mwa mtsinje, kumene mamembala amalondera mosinthana ndipo njuchi zili ndi madzi akeake. Khomo lokhala palokha, lotalikirana ndi anansi, sukulu ndi mjigo, likhoza kuloledwa, koma chilolezocho chichokere kwa anansi ndi a mfumu mng'oma usanapachikidwe. Apa kusiyana kwa maboma awiriwa kuyenera kulemekezedwa: midzi ya m'mphepete mwa Liwonde Forest Reserve, Chikala ndi Malosa ili ndi maluwa a mitengo yachilengedwe ndipo ikhoza kuyamba ndi ming'oma, pamene midzi yambiri ya m'chigwa cha Balaka iyenera kuyamba ndi mitengo, polera zophukira za pa zitsa m'minda, kusunga nsangu, kubzala chammwamba ndi mitengo ya zipatso, ming'oma n'kudzabwera pambuyo pang'onopang'ono molingana ndi maluwa amene alipo.

Pa funso lachitatu, lakuti kuweta njuchi kumasamala tizilombo tonse tonyamula mungu, mbali zonse ziwiri zanena mopitirira. Ovomereza alakwa poganiza kuti mng'oma umathandiza bemberezi kapena mpasi. Otsutsa nawonso abwereka mantha a maiko amene njuchi ya uchi ndi yobwera ndipo ming'oma imadzazidwa ndi magulu ogula. Kuno njuchi ya uchi yakhala pamodzi ndi tizilombo tinzake kuyambira kale, ndipo popeza mlimi amangokola magulu amene ali kale m'deralo, amene amachokanso chakudya chikachepa, n'kovuta kuti ming'oma yowerengeka ya m'mudzi ichulukitse njuchi kupitirira maluwa. Chenjezo la otsutsa lidzagwira ntchito pamene ming'oma yambiri yaunjikidwa m'malire a paki kapena a nkhalango yotetezedwa, ndipo kumeneko chiwerengero chiyenera kukhala ndi malire. Chimene chimathandiza tizilombo takutchire ndi khalidwe limene woweta njuchi wabwino amaliphunzira chifukwa cha uchi wake, lozimitsa moto, losunga mitengo ya maluwa ndi lokambirana ndi anansi kuti apopere madzulo njuchi zitabwerera, ndipo asapopere mbewu ili pachimake pa maluwa. Khalidwe limeneli silibwera lokha pamodzi ndi mng'oma, limaphunzitsidwa, ndipo mlangizi amene amaphunzitsa kufula uchi osatchula mpasi, nsikisa ndi bemberezi wasiya theka la phunziro.

Chigamulo n'chakuti mutuwu ukukanidwa monga momwe walembedwera, ndipo ukuvomerezedwa ukakonzedwa motere: ulimi wa njuchi ulimbikitsidwe ku Machinga ndi ku Balaka, pa malo ogwirizana a gulu otalikirana ndi nyumba, pambuyo poona kuti maluwa ndi madzi zilipo. Makhonsolo a maboma awiriwa, alangizi a zaulimi ndi a zankhalango, mafumu ndi mabungwe opereka ming'oma akupemphedwa kuti poyeza ntchito yawo awerenge ming'oma imene muli njuchi pakatha zaka ziwiri, mitengo imene yatsala chiimire ndi malamulo a m'mudzi a kapoperedwe ka mankhwala amene akutsatidwa, m'malo mowerenga ming'oma imene inagawidwa.